Ndinachotsa Kavavu Kuti Dilipi Ifulumire

Inu owerenga, ine ndine namwino, ndipo ntchitoyi ndaigwira zaka zoposa khumi. Ndikulemba izi chifukwa ndinalakwira mayi wina wodwala amene anandikhulupirira ndi mtima wonse. Cholakwacho ndinachichita ndi zala ziwiri zokha, dzuwa lili pamutu, ndisanatope, popanda wondikakamiza. Ndinachotsa kapulasitiki kakang'ono ngati nyemba pa chubu cha dilipi chifukwa ndinkaona ngati kakundichedwetsa. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandipweteka, ndipo sindikufuna kuti wina achitenso zomwe ndinachita.

Ndimagwira ntchito pa kachipatala kena kosakhala ka boma ku Old Town, ndipo ndimakhala ku Area 4. Ndisanabwere m'tauni ndinagwirapo kumudzi, kumene zipangizo zinkasowa kawirikawiri. Kumeneko tinazolowera kugwira ntchito ndi zomwe zilipo. Choimikira dilipi chikasowa tinkakhoma msomali pakhoma, chubu chikafupika tinkalumikiza ndi china. Luso limeneli linapulumutsa anthu ambiri, sindikana. Koma linandipatsanso matama oipa. Ndinayamba kuganiza kuti tizinthu tambiri timene azungu amaika pa zipangizo zawo ndi tokometsera chabe, ndipo namwino weniweni angathe kuchita popanda timeneto.

Chaka chathachi chipatala chathu chinandituma kukasamalira wodwala kunyumba kwake ku Area 12. Anali mayi NyaMhango, mphunzitsi wopuma pantchito, kwawo kumpoto. Ankakhala ndi mwana wawo wamkazi, a Lusungu, amene amagwira ntchito m'maofesi a boma ku City Centre. Mayiwa anali ndi khansa ya kummero, ndipo inafika poti ngakhale madzi sankadutsa. Madokotala anali atauza banjalo zoona, kuti kuchira kunalibe, chotsala chinali kuwachotsera ululu kuti masiku awo omaliza akhale opepuka. Ntchito yanga inali imeneyo basi. M'mawa ndinkakwera minibasi ku Old Town, madzulo n'kusiyira mnzanga wina.

Ndifotokoze mmene zipangizo zinalili kuti mumvetse bwino. Pamkono pa mayiwa panali kanula kamodzi, kapulasitiki kaja kamene kamatsala mumtsempha tikachotsa singano. Mitsempha ya padzanja inali itatha kale ndi majakisoni, ndiye tinakaika pa khwinya la chigongono, pamene mkono umapindikira. M'kanulamo munkalowa zinthu ziwiri. Choyamba chinali madzi a dilipi, otsika okha kuchokera m'thumba lokolekedwa m'mwamba. Chachiwiri chinali mofini, mankhwala amphamvu oletsa ululu, amene pampu yaing'ono yamagetsi inkakankha pang'onopang'ono usana ndi usiku. Machubu awiriwa ankakumana pafupi ndi mkono n'kukhala njira imodzi.

Pamene ankakumanapo, kumbali ya dilipi, panali kavavu. Ntchito yake ndi ngati ya vavu ya njinga: chinthu chimalowa koma sichibwerera. Madzi a dilipi ankadutsa kupita kwa wodwala, koma mankhwala a m'pampu sakanatha kukwera kulowera ku thumba la madzi. Njira ikatsekeka kumkono, mankhwala amasowa kolowera, mphamvu imachuluka m'chubu, pampu imalira, namwino n'kuthamanga. Zonsezi mmisiri wokonza makina athu anatifotokozera tsiku lina masana, atanyamula kavavuko m'mwamba kuti aliyense akaone. Ine ndinalipo. Ndinali kumbuyo, ndikuyankha mauthenga a pafoni, ndikudziuza kuti munthu wogwira sipanala sangandiphunzitse za dilipi.

Mayi NyaMhango anali munthu waukhondo komanso wosafuna kumveredwa chisoni. Ngakhale thupi linali litatha, tsiku lililonse ankafuna mpango wosita ndi mafuta kumaso. Ankandikonza Chingelezi ndikalakwitsa, ine n'kumawaseka Chichewa chawo chonunkhira Chitumbuka. Ankanditchula kuti mwana wane. Pampu ija ankaikonda, ankati chiyambire kudwala ndi imene inawapatsa tulo. Masabata awiri oyamba anayenda bwino moti a Lusungu ankapita kuntchito mtima uli m'malo.

Tsiku la tsokalo linali Lachinayi. Amayi a kumpingo kwawo, amene anapemphera nawo zaka zambiri, anatumiza uthenga kuti abwera masana kudzawaona. Mayi anasangalala, koma kenaka anayang'ana thumba la dilipi n'kukwinya nkhope. Anandipempha kuti madziwo athe alendo asanafike, kuti ndichotse thumbalo. Pampu ankati ingathe kubisika pansi pa nsalu, koma thumba lolendewera m'mwamba linkawachititsa manyazi. Anati sakufuna anzawo akalengeze kutchalitchi kuti NyaMhango wamangidwa zingwe ngati mbuzi.

Dilipiyo inali kuyenda mwaulesi. Choimikira chathu chinali chachifupi, bedi lawo lalitali, ndipo kavavu kaja kamafuna kuti madzi akhale ndi kamphamvu kuti katseguke. Njira yoyenera inalipo ndipo inali yosavuta: kukweza thumba m'mwamba, kapena kungowauza mayi mwaulemu kuti madzi ali ndi nthawi yake. Koma ine ndinafuna kuoneka katswiri. Ndinatseka chubu, ndinapotokola kavavuko, ndinalumikiza chubu mwachindunji, n'kutaya kavavu m'bokosi la zinyalala. Madontho anayamba kugwa mofulumirirapo. Mayi anamwetulira n'kuthokoza mu Chitumbuka kuti yewo, ine n'kudzimva kuti ndine namwino wodziwa ntchito.

Alendo anafika msanga kuposa mmene ananenera, thumba likadali ndi madzi oposa theka. Anali amayi asanu ndi atatu atavala yunifolomu yawo yoyera. Panalibenso nthawi yochotsa chilichonse. Mayi anandiuza kuti ndikankhire choimikira kuseri kwa katani, ndipo ndinawafunditsa shawelo kuyambira paphewa mpaka m'manja. A Lusungu, amene anaweruka msanga tsikulo, anandinong'oneza kuti tiwapatse mpata. Ndinatuluka n'kukakhala kukhitchini. Ndikutuluka ndinaona mayi akulandira buku la nyimbo n'kulikumbatira pachifuwa ndi manja onse awiri. Ndinaona ndithu, koma m'mutu mwanga simunabwere chilichonse.

Inu owerenga, mkono utapindika choncho, kanula kanapindikanso, njira yolowera mumtsempha n'kutsekeka. Kavavu kakanakhalapo, pampu ikanalira pasanathe nthawi yaitali, ine n'kukawongola mkonowo, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mankhwala anapeza njira ina imene ine ndinawatsegulira. Anayamba kukwera chubu cha dilipi mwakachetechete, n'kumaunjikana m'menemo. Pampu inkaona ngati zonse zili bwino. Ine kukhitchini ndinkatchera khutu, ndipo posamva kulira kulikonse ndinkadzithira tiyi wina.

Mapemphero anatalika. Anaimba nyimbo za Chitumbuka, anawerenga mawu, aliyense anapereka chilimbikitso, kenaka anayamba kupemphera mmodzimmodzi. Lamulo la ntchito yathu limati wodwala wa pampu tizimuona ola lililonse. Kawiri konse ndinafika pakhomo la chipinda. Ulendo woyamba ndinapeza onse atagwada, maso ali chitsinzinire. Ulendo wachiwiri mayi wina wachikulire anali pakati pa pemphero, akulira. Ine ndinaleredwa m'banja la mpingo kumudzi kwathu, kumene mwana sadutsa pakati pa akuluakulu akupemphera. Ndinaima pang'ono, ndinayang'ana nkhope ya mayi patali, n'kubwerera monyang'ama. Ndinaona kuti akukwinya pamphumi, koma ndinati ndi mphamvu ya pemphero. Unali ululu, chifukwa mankhwala sankawafika.

Alendo anatuluka patatha pafupifupi maola atatu. A Lusungu anawaperekeza kugeti, ine n'kulowa. Mayi anali thukuta kamukamu, ndipo anandinong'oneza kuti pachifuwa pakuotcha. Nditakoka katani ndinapeza dilipi itaima, thumba lili pomwe ndinalisiya. Kabotolo kamene timawerengera madontho kanali katadzaza kuposa kale. Namwino aliyense woganiza akanadzifunsa kuti madzi owonjezerawo achokera kuti. Ine ndinangoganiza za nthawi imene yatayika. Ndinawachotsa buku m'manja, ndinawongola mkono, ndinatsegula kagudumu kowongolera madontho a dilipi mpaka kumapeto kuti madzi athamange. Anathamangadi, atatsogoza mofini yense wa maola atatu, m'thupi la munthu wofooka amene sanadye kwa milungu.

Posakhalitsa nkhope yawo inamasuka, maso n'kutsekeka. A Lusungu atabwerako anaima pakhomo n'kunena chapansipansi kuti, "Taonani mmene agonera, sisitala. Mapemphero aja awathandiza." Ine ndinavomera. Ndinayamba kulongedza makapu a alendo. Koma china chake chinkandikoka kuti nditembenuke. Kupuma kwawo kunali kwachilendo. Ankakoka mpweya kamodzi, kenaka zii, mpaka ine ndinkayamba kuwerenga mumtima, kenaka n'kukokanso. Ndinawaitana, osayankha. Ndinawagwedeza phewa, mutu unangogwera kumbali. Nditatsegula chikope, mwana wa diso anali atachepa ngati nsonga ya singano. Milomo inali itatuwa.

Ndinayang'ana pampu, manambala ake anali olondola. Ndinatsatira chubu ndi maso mpaka pamene pankakhala kavavu, ndipo pamenepo ndinadziwa zonse nthawi imodzi. Mawu a mmisiri uja, amene ndinkati sindinawamve, anabwera onse m'mutu mwanga. Ndinathimitsa pampu, ndinatseka dilipi, ndinawakweza chibwano, n'kuuza a Lusungu kuti aziwaitana mokweza osaleka. A Lusungu anagwada pambali pa bedi n'kumafuula kuti amama, amama, uku akundiyang'ana ine ndi maso ofunsa. Sindinathe kuwayang'ana.

Ndinaimbira adokotala. Foni inaitana mpaka kuduka, ndinaimbanso. Atayankha ndinangoti wodwala sakupuma bwino, zikuoneka ngati mofini wachuluka. Za kavavu sindinatchule. Anandiuza kuti m'bokosi lathu muli jakisoni wobweza mphamvu ya mofini, ndimusungunule ndi madzi, ndizipereka pang'onopang'ono mpaka kupuma kubwerere, osati mpaka adzuke. Anabwereza kawiri kuti pang'onopang'ono. Anati akunyamuka, koma nthawiyo anthu anali akuweruka, ndipo wodziwa Lilongwe akudziwa mmene magalimoto amathinirana pa mlatho wa ku Old Town.

Ndinapereka kachigawo koyamba n'kudikira. Chifuwa sichinasunthe. Sekondi iliyonse inkandikulira, ndipo m'maganizo ndinkaona kale maliro, apolisi, dzina langa likufufutidwa pa unamwino. Mantha anandigonjetsa. Ndinakankha jakisoni yense nthawi imodzi. Apa ndinalakwa kachiwiri, ndipo kulakwa kumeneku kunabadwa kuchokera ku koyamba kuja.

Mayi anadzuka, koma osati mmene munthu amadzukira ku tulo. Jakisoni uja anachotsa mankhwala onse oletsa ululu m'thupi mwawo, ngakhale aja amene ankawasunga masabata onsewa. Ululu wa khansa unabwera wonse pamodzi. Mayi wodzisunga uja, amene sankalola kuti munthu awaone opanda mpango, anakuwa mpaka mlonda ndi wogwira m'dimba anathamangira pawindo. Anadzikanda pachifuwa, anayesa kusanza, anaitana amayi awo amene anamwalira kalekale. Ine ndinawagwira manja kuti asazule kanula, ndikulira nawo limodzi. Adokotala anatipeza tili choncho.

Moyo wawo unapulumuka tsiku limenelo. Koma pamene adokotala anafuna kuyatsanso pampu pa mlingo wochepa, mayi anabisa mkono n'kupukusa mutu. A Lusungu anaima pakati pa bedi ndi pampu. Anati anamvapo kale kwa anthu kuti mofini ndi mankhwala omalizira odwala, iwo sankakhulupirira, koma lero aona okha. Adokotala anayesa kufotokoza kuti mlingo umene analemba sukanachita zimenezo, ndipo ananditembenukira kundifunsa ngati panachitika chachilendo chilichonse. Inu owerenga, apa ndi pamene ndikanakonza zinthu. Ndinali nditasintha kale chubu n'kuika chatsopano chokhala ndi kavavu kake. Ndinayankha kuti sindinaone chilichonse. Pampu inatengedwa kuti akaiyeze, ndipo mlandu wanga unagwera mankhwala osalakwa.

Masiku anayi otsatira anali oipa kuposa tsiku lija. M'mawa uliwonse ndinkatsika minibasi n'kulunjika kunyumba ija. Ndikangolowa pageti ndinkamva kubuula kuchokera kuchipinda. Adokotala anayesa mankhwala ena ofooka, koma kwa khansa yotere anali ngati kuthira kapu ya madzi pa moto wa tchire. Mayi analeka kundikonza Chingelezi. Analeka kufunsa za mpango. Ankangogwira chitsulo cha bedi, mano ali gwa, thukuta likutsika. Ine ndinkawapukuta nkhope ndikudziwa kuti chimene chingawathandize chilipo, ndipo chikuwatsekereza ndi bodza langa. Chakudya sichinkalowa, foni ikalira mtima unkadumpha poganiza kuti andizindikira.

Tsiku lachisanu mmisiri uja anandipeza kuchipatala ndisananyamuke. Anati pampu waiyesa mbali zonse ndipo ilibe vuto. Kenaka anandifunsa modekha, popanda wina womva, ngati chubu cha tsiku lija chinali ndi kavavu. Sanandikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Ndinalira pamaso pa munthu amene ndinkamunyoza. Kuchoka apo ndinalowa mu ofesi ya adokotala n'kuulula zonse, kuyambira kavavu, mapemphero, kagudumu, mpaka jakisoni. Anandiuza kuti nkhani ipita kwa akuluakulu, koma choyamba tipite limodzi ku Area 12 ndikanene ndekha, mwina mayi angalole mankhwala.

Ndinagwada pambali pa bedi n'kufotokoza zonse, a Lusungu ali chilili kumiyendo. Ndinatenga kavavu katsopano n'kuwaonetsa mmene kamagwirira ntchito. Ndinawauza kuti mankhwala sanalakwe, pampu sinalakwe, wolakwa ndi ine. A Lusungu anapsa mtima, ndipo anayenera kutero. Anandifunsa kuti masiku anayi onsewa, ndikumva amayi awo akubuula, ndinkadya bwanji. Kenaka iwo omwe anatembenukira kwa amayi awo n'kuyamba kuwachonderera kuti alole pampu ibwerere, poti tsopano choona chadziwika.

Mayi anasanjika dzanja lawo pamutu panga n'kunena movutikira kuti, "Mwana wane, ndine ndinakupempha kuti ufulumize. Ndakukhululukira. Koma icho ayi." Anati amakumbukira mmene anamirira mumdima, akumva mwana wawo akuitana koma osatha kuyankha, ndiponso mmene anadzukira. Anati bola ululu umene akuudziwa. Adokotala anayesa, abusa awo anayesa, mwana wawo wamwamuna anaimba foni kuchokera kunja, koma mantha anali atazika mizu. Mwina ndikananena tsiku lomwelo, asanagone nawo manthawo masiku anayi, akanamva. Zimenezo sindidzazidziwa.

Ine anandichotsa panyumbapo tsiku lomwelo, ndipo ndinaimitsidwa ntchito kwa kanthawi. Mnzanga amene anapitiriza kuwasamalira ndi amene ankandiuza mmene zinkayendera, chifukwa ndinkamuimbira tsiku lililonse ngakhale ndinkaopa yankho. Mayi NyaMhango anakhala masabata ena atatu. Sanalolenso mofini mpaka kumwalira kwawo. Thupi lawo analitengera kwawo kumpoto, ndipo ine sindinalimbe mtima kupita ngakhale kunyumba ya maliro.

Tsopano ndinabwerera kuntchito, nditaphunzitsidwanso ngati wongoyamba kumene, ndipo sindidandaula. Anzanga anamwino, makamaka inu amene mwakhalitsa ndipo manja anu anazolowera, kanthu kalikonse kamene mwakapeza pa chubu kali ndi chifukwa chake. Ngati simukudziwa ntchito yake, funsani, ngakhale wofunsidwayo akhale wovala ovolosi. Dilipi ikachedwa kwezani thumba, onani mkono, koma musachotse kavavu. Mukapeza dilipi yaima pamene pali pampu, musathamangire kutsegula, yambani mwadzifunsa kuti mankhwala anapita kuti nthawi yonseyo. Pampu ikakhala chete si umboni woti zonse zili bwino.

Inu amene mukudwazika abale kunyumba, musakakamize namwino kufulumizitsa zinthu chifukwa kukubwera alendo, ndipo musabise machubu pansi pa nsalu. Mapemphero ndi abwino, ine ndemwe ndimapemphera, koma muloleni namwino alowe pakati pa pemphero akaone wodwala wake. Ndipo iwe namwino, lowa, ngakhale akuyang'ane ndi diso loipa.

Koposa zonse, mukalakwitsa nenani nthawi yomweyo, pamene chilipo choti n'kukonza. Ine ndinateteza dzina langa masiku anayi, ndipo amene analipira si ine. Ananditumiza kunyumba ija ndi ntchito imodzi yokha, yoti mayi uja asamve ululu pomwalira. Anamwalira akubuula, mankhwala ali m'kabati pafupi ndi bedi lawo, ndipo amene anawaphunzitsa kuwaopa ndi ine.